ZITHUNZI ZAKALE ZA DZIKO LA AMERICA

M'zaka za 1950, pamene kanema anali kuonetsedwa pabwalo m'makomboni a ku migodi ya mkuwa ndi m'matauni ena a cigawo cino ca Africa, anyamata ambiri anadziwa dziko la America mwa njira imodzi yokha. Anaona amuna a zipewa zazikuru, okwera pa akavalo, oombera mfuti ali pa liwiro, ndipo ngwazi ya m'filimu iri yonse anaipatsa dzina limodzi, ndilo Jack. Koma amuna aja anali ocita masewero cabe, ndipo nchito ya tsiku ikatha anali kubvula zipewa zija napita kwao kukadya. Munthu wofuna kudziwa m'mene eni dzikolo anakhalira, m'mene anayendera maulendo ao, ndi m'mene anasangalalira, ayenera kufunsa mboni zina. Mboni zimenezo ndizo zithunzi zakale.

Zambiri za izo zisungidwa mu mzinda wa Washington, m'nyumba yaikuru ya mabuku ya Boma yochedwa Library of Congress. Nkhani ya lero itolapo zowerengeka zokha, kuyambira caka ca 1869 kufikira 1943, ndi kuzifunsa cimodzi-cimodzi monga acitira akuru pa bwalo la milandu. Pakuti mboni, ngakhale yokhulupirika, inena cokhaco cimene inaona pamene inaimirira, ndipo zimene zinali kumbuyo kwace sizidziwa. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mau amenewa ayenera munthu ali yense wogwira cithunzi m'manja.

MSOMALI WOTSIRIZA

Cithunzi coyamba cinajambulidwa pa 10 Meyi, 1869, pa malo ouma ochedwa Promontory Summit, m'cigawo ca Utah. Pakati pace pali mitu iwiri ya sitima za pamtunda, yoyang'anizana, yotsala pang'ono kugundana mphuno. Umodzi unacokera kumadzulo, dzina lace Jupiter; unzace unacokera kum'mawa, nambala yace 119. Amuna akwera pamwamba pa mitu yonse iwiri, ena atambasula manja atagwira mabotolo, ndipo pansi, pakati pa khamu, akuru awiri oyang'anira mamangidwe a njanje agwirana canza.

Cimwemwe cao cinali ndi cifukwa. Nchitoyi inabvomerezedwa mu 1862, m'masiku a Abraham Lincoln. Kampani ya Central Pacific inayambira ku Sacramento kulowera kum'mawa, ndipo ya Union Pacific inayambira ku Omaha kulowera kumadzulo. Tsiku lija njanje ziwirizo zinakomana, nakhomapo msomali wa golidi, ndipo lamya inafalitsa mbiriyo dziko lonse nthawi yomweyo. Kale ulendo wopita ku California pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe unali kutha miyezi inai kufikira isanu ndi umodzi. Tsopano unasanduka wa sabata imodzi.

Wojambula anali Andrew J. Russell. Masiku amenewo kunalibe filimu. Wojambula anali kupaka mankhwala pa galasi, kulilowetsa m'kamera likali lonyowa, ndi kuthamanga nalo kukalitsuka mumdima lisanaume. Cotero cithunzi ciri conse cinali nchito yolemetsa, ndipo anthu anayenera kukonzedwa bwino ndi kuima duu.

Tsono munthu wodekha akayang'ana nkhope za m'cithunzici adzafunsa funso. Mwa anthu khumi ali onse amene anagwira nchito ya Central Pacific, asanu ndi atatu kapena asanu ndi anai anali ocokera ku China, ndipo ciwerengero cao cinaposa 10,000. Ndiwo anaboola mapiri a Sierra Nevada ndi nyundo ndi onga, nagona pansi pa cipale m'nyengo yozizira, ndipo ambiri anafera komweko. Malipiro ao anali ocepa poyerekeza ndi a Azungu, ndipo cakudya anadzigulira okha. Mu 1867 ananyanyala nchito, koma akuru a kampani anawatsekera njira ya cakudya kufikira anabwerera. M'cithunzi cochukaci nkhope zao zisoweka. Russell anajambulanso cina tsiku lomwelo, coonetsa ena a iwo ali kuyala citsulo cotsiriza, koma cimeneco sicinafale m'mabuku a sukulu. Mu 1882 Boma linaika lamulo loletsa anchito a ku China kulowa m'dzikomo. Mu 2014 wojambula wina, Corky Lee, anasonkhanitsa zidzukulu za anchito aja pamodzi ndi anzao pa malo omwewo, nawajambula ataima patsogolo pa mitu iwiri ya sitima.

Pali cithunzi cina ca mu 1892 cimene ciyenera kuikidwa pambali pa ici. Cionetsa munthu ataima pamwamba pa mulu wa zigaza za njati, wamtali ngati culu cacikuru, pafupi ndi mzinda wa Detroit, kumene mafupa anali kuperedwa akhale feteleza. Njanje inabweretsa osaka nyama ku zidikha, ndipo njati, zimene zinali mamiriyoni ambiri, zinatsala mazana owerengeka. Mitundu ya anthu amene anali eni dziko Azungu asanafike inali kukhalira nyama imeneyo. Itatha, njala inawagonjetsa.

KAMERA, NDEGE NDI GARIMOTO

Mu 1888 George Eastman wa ku Rochester anagulitsa kabokosi kochedwa Kodak, ka madola 25, kokhala ndi filimu ya zithunzi 100 m'kati. Filimu ikatha, mwini anali kutumiza kabokosi konse ku fakitale, ndipo kanabwerako ndi zithunzi zotsukatsuka. Mu 1900 anaturutsa kena kochedwa Brownie, ka dola imodzi yokha. Kuyambira pamenepo kujambula kunalowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo ndico cifukwa cace zithunzi za ana, za maukwati ndi za maulendo zicuruka koposa kuyambira zaka zimenezo.

Pa 17 Disembala, 1903, pa mcenga wa m'mbali mwa nyanja pafupi ndi Kitty Hawk, ku North Carolina, abale awiri okonza njinga, Wilbur ndi Orville Wright, anayesa makina ao ouluka. Orville anaimika kamera pa miyendo yace, napempha John T. Daniels, mmodzi wa opulumutsa anthu omira m'nyanja, kuti afinye kampira ngati makinawo anyamuka. Daniels anali asanagwirepo kamera m'moyo wace. Makina ananyamuka, nauluka mapazi 120 pa masekondi 12. M'cithunzi Orville wagona cafufumimba pakati pa mapiko, ndipo Wilbur waima pambali, atangoleka kuthamanga. Nyuzi zambiri sizinasamale mbiriyo poyamba, koma galasi lija linasunga umboni.

Garimoto ndiyo inasintha moyo wa anthu ambiri koposa. Henry Ford anayamba kupanga Model T mu 1908, ndipo mtengo wace unali madola 850. Mu 1913 anakonza fakitale yace kuti garimoto yosatha idziyenda yokha patsogolo pa anchito, yense naikapo citsulo cace cimodzi. Mtengo unatsika kufikira madola 260 mu 1925, ndipo pofika 1927 anali atapanga magarimoto 15 miriyoni. Koma zithunzi za masiku oyambawo zionetsa kuti magarimoto anafika miseu isanakonzeke. Kawirikawiri cioneka ndico garimoto yotitimira m'matope, ndi akavalo a mlimi ali kuikoka. Mu 1926 Boma linapatsa miseu yaikuru manambala, ndipo umodzi wa iyo, Route 66, unacokera ku Chicago kufikira ku Los Angeles, mtunda woposa mailosi 2,400. Mseu umenewu udzaonekanso m'nkhani ino, utadzala anthu othawa njala.

MPHUNZITSI AMENE ANALEKA COKO

Lewis Hine anali mphunzitsi mu mzinda wa New York. Mu 1908 anasiya sukulu nalowa nchito ya bungwe lochedwa National Child Labor Committee, limene linali kulimbana ndi mkhalidwe wolemba ana ang'ono nchito. Nthawi imeneyo ana pafupifupi 2 miriyoni anali pa nchito m'mafakitale, m'migodi, m'minda ndi m'miseu. Eni mafakitale anali kukana kuti zimenezi ziripo, ndipo ena anati nchito iphunzitsa mwana khama.

Hine anadziwa kuti mau okha sadzakwanira. Popeza alonda anali kumtsekera pa cipata, iye anali kudzicha wogulitsa Mabaibulo, kapena woyendera za ngozi ya moto, kapena wojambula makina. Atalowa anali kuimika mwana pambali pa makinawo. Anadziwa kutalika kwa batani liri lonse la jekete lace kucokera pansi, ndipo mwa njira imeneyo anayesa msinkhu wa mwana popanda kuturutsa coyesera. Dzina, zaka ndi malipiro anali kulemba mobisa, dzanja liri m'thumba.

M'cithunzi ca mu Novembala 1908, ca ku Lancaster, South Carolina, muli kamtsikana, Sadie Pfeifer, kotalika mainchi 48, kataima pakati pa zenera ndi makina opota thonje otalika kufikira kumene diso lilekeza. M'cina ca mu 1911, ca ku Pennsylvania, muli anyamata akuda bii ndi pfumbi la malasha, amene nchito yao inali kukhala cowerama tsiku lonse ndi kutola miyala m'malasha oyenda pansi pa mapazi ao.

Lamulo loyamba loteteza ana linaikidwa mu 1916, koma bwalo lalikuru la milandu linalifafaniza mu 1918. Lamulo lokhazikika linadza mu 1938, zitapita zaka 30 ciyambire Hine kuyenda. Iye mwini anamwalira mu 1940 ali wosauka, ataiwalika. Zithunzi zace zoposa 5,000 zisungidwa ku Washington, ndipo cifukwa ca kulemba kwace kwa m'thumba kuja, ana ambiri a m'zithunzizo adziwika maina ao kufikira lero.

ZAKA ZA PFUMBI

Mu Okotobala 1929 malonda a dzikolo anagwa. Mabanki ambiri anatsekedwa pamodzi ndi ndarama za anthu, ndipo pofika 1933 munthu mmodzi mwa anai ali onse oyenera kugwira nchito analibe nchito. Tsoka silinadze lokha. M'zidikha za pakati pa dziko, ku Oklahoma, Texas, Kansas ndi Colorado, alimi adagalauza udzu wacibadwidwe ndi mathirakitala kuti abzale tirigu, pakuti mtengo wace unali wabwino. Udzu umenewo ndiwo unali kugwira nthaka ndi mizu yace. Pamene cirala cinafika, tirigu anauma, nthaka inatsala yamarisece, ndipo mphepo inainyamula. Mu Meyi 1934 pfumbi la ku zidikha linagwa pa New York ndi Washington. Pa 14 Epulo, 1935, tsiku la Mulungu, mtambo wakuda unaphimba dzuwa masana, kotero kuti munthu sanathe kuona dzanja lace.

Boma la Franklin Roosevelt linakhazikitsa bungwe lothandiza alimi osauka mu 1935, limene mu 1937 linachedwa Farm Security Administration. Pofuna kuti anthu a m'mizinda ndi aphungu a nyumba ya malamulo abvomereze ndarama za nchitoyo, linalemba ojambula zithunzi, ndipo mkuru wao anali Roy Stryker. Iye sanali wojambula. Anali mphunzitsi wa za cuma, ndipo asanatume munthu ku cigawo ciri conse anali kumpatsa mabuku awerenge za mbeu ndi anthu a kumeneko.

Mu Epulo 1936 mnyamata wa zaka 20, Arthur Rothstein, anajambula mlimi ndi ana ace awiri ku Cimarron County, Oklahoma. Ayenda cowerama polimbana ndi mphepo, pafupi ndi kanyumba kokwiririka ndi mcenga. Nsanamira za mpanda zingooneka nsonga zokha, ndipo wamng'ono watsalira m'mbuyo ataphimba maso ndi mkono. Thambo ndi nthaka zasanduka mtundu umodzi.

Koma Rothstein yemweyo anaphunzitsa dziko phunziro lina. Ku South Dakota anapeza cigaza ca ng'ombe pa nthaka yong'aluka, nacijambula, nacisuntha mapazi owerengeka, nacijambulanso. Nyuzi ina ya ku Fargo itazindikira kuti cigaza cimodzi cioneka pa malo awiri, inalengeza kuti Boma liri kunyenga anthu. Cirala cinali coona, ndipo ng'ombe zinafadi zambiri. Koma kusuntha kwa cigaza cimodzi kunapatsa adani a Boma ndodo yomenyera nchito yonse.

Mbiri ya pfumbi limeneli inaoloka nyanja. Mu 1935 America inakhazikitsa nthambi yosamala nthaka, mkuru wace Hugh Bennett, amene anacezera South Africa mu 1944. Akuru a zamalimidwe m'maiko olamulidwa ndi Britain anawerenga za tsokali nacita mantha kuti lingagwerenso Africa. Malamulo okakamiza mizere yopingasa ndi milambala, amene anautsa mkwiyo waukuru m'midzi ya ku Nyasaland m'zaka za 1950, muzu wace wina unali m'pfumbi la ku Oklahoma.

MAI WA KU NIPOMO

Mabanja zikwizikwi anamangirira matiresi, mipando ndi mbale pamwamba pa magarimoto okalamba, natsata Route 66 kunka ku California kukafuna ganyu m'minda ya zipatso ndi thonje. Kumeneko kunali wojambula wamkazi, Dorothea Lange, wotsimphina mwendo umodzi cifukwa ca nthenda ya poliyo imene inamgwira ali mwana.

Mu Marichi 1936 Lange anali kubwerera kwao atatha mwezi wathunthu pa ulendo. Mvula inali kugwa. Pafupi ndi Nipomo anaona cikwangwani colozera ku msasa wa othyola nsawawa, koma anapitirira. Atayenda mailosi 20 mtima unamtsutsa, natembenuza garimoto. Mu msasamo munali anthu oposa 2,000 opanda nchito, pakuti cisanu cidaononga nsawawa m'minda. Pansi pa cinsaru cokhomedwa ngati hema anapeza mai wina ndi ana ace. Anakhala naye mphindi khumi zokha, namjambula kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri, nacoka.

Cithunzi cimodzi ca izo cinasanduka cochuka koposa zonse za nyengo ija. Maiyo wagwira cibwano ndi zala, mphumi yacita makwinya, maso ayang'ana kutali. Ana awiri atsamira pa mapewa ace atabisa nkhope, ndipo khanda lagona pa miyendo. Nyuzi ya San Francisco News itasindikiza zithunzi za mu msasamo, Boma linatumiza cakudya colemera mapaundi 20,000. Koma pofika cakudyaco, mai uja ndi ana ace anali atacoka kale.

Lange analemba kuti maiyo anali wa zaka 32, kuti banjalo linali kudya ndiwo zopsa ndi cisanu ndi mbalame zimene ana anapha, ndi kuti anagulitsa matayala a garimoto kuti agule cakudya. Dzina lace sanafunse. Kwa zaka 42 nkhope imeneyo inayenda m'mabuku ndi m'nyuzi za maiko ambiri popanda dzina.

Mu 1978 mtolankhani wina anampeza mu mzinda wa Modesto. Anali Florence Owens Thompson, wobadwa mu 1903, wa mtundu wa Cherokee, umodzi wa mitundu ya eni dziko oyamba. Sanathawe pfumbi ai, pakuti adafika ku California m'zaka za 1920, ndipo mwamuna wace woyamba adamwalira ndi cifuwa cacikuru mu 1931. Sanali wa mu msasa uja. Garimoto yao idangoonongeka pa mseu, ndipo amuna adapita ku tauni kukakonzetsa. Ana ace anakana za kugulitsa matayala. Iye mwini anadandaula kuti cithunzico sicinampindulire kanthu, ndipo banjalo linacita naco manyazi zaka zambiri. Lange nayenso sanalandire ndarama pa kusindikizidwa kwace, popeza cinali ca Boma. Kandimverere anakanena za m'maluwa: wojambula anaona njala yeniyeni, koma mbiri ya mwini njalayo anaimva mothamanga.

Mu 1983 Florence anadwala kwakayakaya, ndipo ana ace anapempha thandizo poyera. Anthu osawadziwa anatumiza madola oposa 30,000, pamodzi ndi makalata ambiri onena kuti nkhope ija inawakumbutsa amai ao. Pamenepo ana aja anayamba kuciona cithunzico ndi maso ena. Maiyo anamwalira mu Sepitembala caka comweco.

LOWERUKA MADZULO

Ojambula a Stryker sanajambule njala yokha. Iye anawauza kuti aonetsenso kumene anthu akomana, zimene acita madzulo, ndi zimene apacika pa makoma a nyumba zao. Cotero pali zithunzi za mabanja atazungulira wailesi, za masewera a mpira, ndi za mizere ya anthu pa khomo la kanema, pakuti ngakhale m'zaka zobvutazo anthu mamiriyoni ambiri anali kupita ku kanema sabata iri yonse.

Mu 1940 Russell Lee anakhala masiku ambiri ku Pie Town, kamudzi ka ku New Mexico ka alimi ocokera ku Texas ndi Oklahoma. Nyumba zao zinali zokumbidwa theka m'nthaka, zofoleredwa ndi mitengo ndi dothi. Komabe m'zithunzi zace anthuwo acotsa mipando m'cipinda, wina aliza gitala, ndipo akuru abvina awiri-awiri pamene ana agona pa kama mmodzi pambali. Pa cionetsero ca zokolola anawajambula ndi filimu ya mitundu yochedwa Kodachrome, imene inali yatsopano. Amene anazolowera kuganiza kuti nyengo ija inali yotuwa adabwa poona madiresi ofiira ndi thambo lobiriwira.

Mu 1939 Marion Post Wolcott anayenda m'dziko la thonje la Mississippi. Pafupi ndi Clarksdale analowa m'nyumba yobvinira ya anthu akuda Loweruka usiku, najambula mnyamata ndi mtsikana ali kuzunguzana pa gule wothamanga, nkhope ziri mwee, atatha sabata yonse m'munda. M'nyumba zotere ndimo munakulira nyimbo za blues, zimene pambuyo pace zinamveka pa magalamafoni a dziko lonse lapansi.

Ku Belzoni, m'cigawo comweco, Wolcott anaima tsidya lina la mseu Loweruka masana. M'cithunzi cace munthu wakuda wobvala cipewa akwera makwerero a kunja kwa nyumba ya kanema, ndipo mthunzi wace uli pa khoma. Pamwamba palembedwa kuti khomo limenelo ndi la anthu akuda, ndi kuti mtengo wolowera ndi masenti 10. Pansi pa makwerero pali citseko cina colembedwa kuti nca amuna aciyera okha. Filimu inali imodzi, koma malamulo a zigawo za kumwera anagawa oonera: Azungu pansi, akuda m'mwamba. Caka cotsatira Jack Delano anajambula cikwangwani ca mtundu womwewo pa malo okwerera basi ku Durham, North Carolina. Omvera a m'cigawo cino amene makolo ao anagula zinthu pa kazenera ka kumbali kwa sitolo sasowa wowamasulira zithunzi zimenezi.

TSACE NDI MBENDERA

Gordon Parks, munthu wakuda wobadwira ku Kansas mu 1912, anali woperekera zakudya m'sitima ya pamtunda. Tsiku lina anatola magazini imene wapaulendo anasiya, naonamo zithunzi za ojambula a Stryker. Anagula kamera yogwirapo kale nchito, nadziphunzitsa yekha, ndipo mu 1942 anafika ku Washington kudzagwira nchito pamodzi nao.

Monga anasimbira iye mwini, Stryker anamuuza asiye kamera, apite m'tauni akagule jekete, akadye, ndi kuonera kanema. Konseko anambweza cifukwa ca khungu lace. Atabwerera ali ndi mkwiyo, Stryker anamlangiza kuti mkwiyo wokha sujambulika, ndipo akaceze ndi mai wosesa m'maofesi momwemo. Maiyo anali Ella Watson, amene adagwira nchito ya Boma zaka 26, nalera ana asanu ndi malipiro a madola 1,080 pa caka. Parks anamuimika patsogolo pa mbendera yaikuru ya America, tsace m'dzanja, cokolopera pambali, maso ali tong'o kupyola mandala. Koma sanalekere pomwepo. Kwa masabata angapo anapita naye kunyumba kwace ndi ku chalichi kwace, namjambula ali kudyetsa adzukulu, ali kuwerenga Baibulo, ali kupita ku nchito madzulo. Iye anafunsa dzina, nakhala pansi, namvetsera. Mu 1948 analembedwa nchito ndi magazini ya Life, woyamba wakuda pakati pa ojambula ace. Zikwangwani zogawa anthu zinathetsedwa ndi lamulo la 1964.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itafika, ojambula aja anatumidwa kuonetsa mphamvu ya dziko. Mu 1942 ndi 1943 Delano anajambula mabwalo a njanje a ku Chicago m'nyengo ya cisanu, nakwera sitima za katundu kufikira ku California. Ku Clinton, Iowa, anapeza akazi obvala maovolosi ndi mipango kumutu, ali kupukuta mitu ya sitima m'malo mwa amuna amene adapita ku nkhondo, ndipo anawajambula ali kudya kamba wao pa gome limodzi. Masiku a sitima za malasha anali pafupi kutha, pakuti pofika 1960 za dizilo zinali zitalowa m'malo mwace pa njanje zonse zazikuru. Route 66 nayo inafafanizidwa pa mndandanda wa miseu ya Boma mu 1985, italowedwa m'malo ndi miseu yatsopano yotakata.

ZIMENE MBONI ZIPHUNZITSA

Mu 1944 zithunzi za bungwe la Stryker zinaperekedwa ku Library of Congress: zakuda ndi zoyera pafupifupi 175,000, ndi za mitundu pafupifupi 1,600. Pakati pa izo pali zambiri zokhala ndi cibowo cakuda, pakuti m'zaka zoyamba Stryker anali kuboola filimu iri yonse imene sanaikonde kuti isasindikizidwe, ndipo ojambula ace anawawidwa mtima nazo. Lero munthu ali yense akhoza kuziona pa intaneti, zoboola ndi zosaboola zomwe, naweruza yekha ngati mkuruyo anasankha bwino.

Cotero wogwira cithunzi cakale, ca ku America kapena ca kwina kuli konse, acita bwino kufunsa mafunso atatu. Anajambula ndani, ndipo anamtuma ndani? Ndani anali pomwepo koma sanalowe m'cithunzi? Ndipo amene aonekawo, maina ao ndani? Funso loyamba likumbutsa cigaza ca Rothstein, laciwiri anchito a ku China, lacitatu mai wa ku Nipomo.

Funso lacitatulo lifika ndi m'nyumba za omvera. M'masutikesi ambiri, pansi pa zobvala, muli zithunzi za agogo ataima pambali pa njinga, kapena atabvala suti ya ku Joni, kapena atanyamula khanda pa tsiku la ubatizo. Amene adziwa nkhope zimenezo ali kucepa caka ndi caka. Nkwabwino kuti mwana wa sukulu atenge pensulo, akhale pansi ndi wamkuru amene akalipo, ndi kulemba kuseri kwa cithunzi ciri conse dzina la munthu, mudzi wace, mfumu yace ndi caka, monga anacitira mphunzitsi uja Lewis Hine, dzanja liri m'thumba.